Kugwetsa mtengo waukulu pakhomo: tilipira zingati, ndipo tikulipirira chiyani?

Mitengo yambiri ikuluikulu imene ili m'makomo a ku Mitundu, ku Nathenje ndi m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Diamphwe ndi yochita kudzala. Ndi bulugamu, malaina, sindilera ndi keshya zimene makolo anadzala boma litayamba kulimbikitsa ntchitoyi, kuchokera pa tsiku lodzala mitengo limene linakhazikitsidwa mu 1976. Nthawi imeneyo nyumba zinali zaudzu ndiponso zotalikirana. Lero pansi pa mitengo yomweyo pali malata, khola la nkhumba, mpanda wa njerwa, penanso mawaya a magetsi. Awa ndi mafunso amene anthu amafunsa akaganiza zoitana munthu wodzagwetsa mtengo wotere.

Kodi kugwetsa mtengo waukulu ndi ndalama zingati?

Palibe ofesi imene inakhazikitsa ndalama yake, ndipo munthu amene angakutchulireni ndalama pafoni asanauone mtengowo ndiye woyamba kumukayikira. Komabe poyambira kuwerengera palipo. Malipiro otsikitsitsa amene boma linalamula anali K90,000 pamwezi mu 2024, ndipo mu 2025 anafika K126,000, kutanthauza kuti chaka chimenecho tsiku limodzi la ntchito linkasendera ku K5,000. Ndiye anyamata atatu a nkhwangwa akatha masiku awiri akugwetsa ndi kuduladula, pa malipiro a 2025 thukuta lawo lokha layandikira kale K30,000, musanawerengere nsima yamasana. Kumudzi waganyu amavomera zochepera apo, makamaka njala ikalowa, koma kuvomerako sikuchepetsa ntchito. Pamwamba pa thukuta pamabwera zina: wokwera mumtengo amatchaja payekha, mwini chainsaw amawerengera petulo, oyilo ndi kutha kwa tcheni, ndipo ngolo yotuta zipika nayo imafuna yake. Petulo anakwera kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, ndipo wakweranso kuchokera pamenepo. Ndalama imene achimwene anu analipira zaka zitatu zapitazo siingakuthandizeni ponenerera lero.

N'chifukwa chiyani mitengo iwiri yofanana kukula imalipitsa mosiyana?

Chimene chimakweza malipiro ndi kogwera. Bulugamu wa mamita 25 amene waima kumunda, kopanda kanthu mbali zonse, amagwa m'mawa umodzi. Bulugamu yemweyo akakhala pakati pa nyumba, nkhokwe ndi chimbudzi, sagwetsedwa wathunthu. Munthu amakwera, n'kumasadza nthambi imodziimodzi ataimanga chingwe, anzake pansi akuitsitsa pang'onopang'ono. Nthambi zikatha, amayamba kudula thunthu kuchokera kunsonga, chidutswachidutswa, mpaka patatsala msinkhu wokwana pabwalo limene lilipo. Ntchito ya maola awiri yasanduka ya masiku awiri kapena atatu, ndipo nthawi yonseyo moyo wa munthu uli pachingwe. Zinanso zimene wodziwa ntchito amayang'ana ndi izi. Mtengo wapendekera kuti? Wopendekera kunyumba umafuna zingwe zolimba ndi anthu ambiri okoka. Kodi uli ndi mphako, kapena chiswe chinaudya mkati? Wotere sumvera kumene waulozera, umathyoka pamene wafuna. Kodi muli njuchi? Zimenezo ziyambe zachotsedwa, ndipo wozichotsa naye ngolipidwa. Mango ndi mkuyu siitalika ngati bulugamu, koma nthambi zake zimatambalala pamwamba pa madenga, ndiye nthawi imathera kunthambiko. Kutalika kwa mtengo mungakudziwe nokha: imikani ndodo ya mita imodzi padzuwa, yezani chithunzithunzi chake, muyezenso cha mtengo nthawi yomweyo. Cha mtengo chikaposa cha ndodo ka 20, mtengowo ndi wa mamita 20. Mukatero yendani mamita amenewo kuchokera patsinde, mbali zonse, muone zimene zili m'njira. Mudzamvetsa chifukwa chake wodula watchula ndalama imene watchulayo.

Ndiitane a nkhwangwa kapena a chainsaw?

Ngati mtengo ndi wankhuni ndipo malo ogwera alipo, nkhwangwa ikwanira. Kuipa kwake n'kwakuti imasandutsa zipalapasa gawo la patsinde, pomwe pamachokera thabwa lotambalala kwambiri. Chainsaw imafulumira ndiponso imadula mwaukhondo, koma pocheka matabwa imadya thabwa lambiri chifukwa njira ya tcheni ndi yotakata, ndipo matabwa ake amafuna kupala kwambiri. Ocheka ndi sowo yaitali, mmodzi pamwamba wina m'dzenje, amachedwa koma sataya zambiri. Mukasankha chainsaw, gwirizanani msanga kuti mafuta agula ndani. Makina a Stihl ndi Husqvarna amayendera petulo wosakaniza ndi oyilo wake, mamililita 100 pa malita 5, kuphatikizapo oyilo wina wofewetsa tcheni. Petulo akasowa pamalo omwetsera mafuta, wa m'zigubu amakhala wokwera ndipo pena wosakanizidwa ndi zina; makina akafa pakati pa ntchito, mtengo umatsala wodulidwa theka pamwamba pa nyumba yanu.

Tikagwirizana ndalama, ndiye kuti achotsa zonse, ndi chitsa chomwe?

Ayi, ndipo mikangano yambiri imabadwira pamenepa. Kwa wodula, kugwetsa kumatha mtengo ukagona pansi. Kusadza nthambi, kudula zipika, kuwaza nkhuni, kuunjika ndi kusesa pabwalo ndi ntchito zina, ndipo chilichonse chitchulidwe ndi dzina lake nkhwangwa isanakhudze khungwa. Kuzula chitsa ndiye ntchito payokha, nthawi zina yolemera kuposa kugwetsa komweko. Yambani mwadzifunsa ngati n'kofunikadi. Bulugamu, malaina ndi keshya zimaphukira pachitsa. Ngati malowo ali patali ndi nyumba, dulani chitsa chachifupi ndi chotsetsereka kuti madzi asadikhe, musiye mphukira ziwiri kapena zitatu, ndipo pakapita zaka zochepa mudzadula milimo ya chigafa osadzalanso. Koma ngati mukufuna kumangapo nyumba, chitsa chizulidwe ndi mizu yake ikuluikulu, chifukwa ikamaola pansi pa maziko imasiya mphanga ndi kuitana chiswe. Zikatero uzani odulawo asiye thunthu lofika m'chiuno kapena pachifuwa, kuti pokumba pakhale pomanga chingwe ndi pogwedezera.

Ena amati angogwetsa ulere, iwo atenge mtengowo. Si mwayi umenewo?

Nthawi zina ndi mwayi, koma kawirikawiri mwayiwo ndi wawo. Dera lino mitengo ikuluikulu yasowa. Nkhalango ya Dzalanyama, kumene Diamphwe ndi mtsinje wa Lilongwe zimachokera, ndi yotetezedwa kuyambira mu 1922, komabe makala anaidya mpaka boma linatumizako asilikali mu 2015. Mzinda wa Lilongwe uli pafupi, ndipo ogula ndi ambiri: ootcha njerwa, alimi a fodya, ophika mowa, masukulu ogonera, akalipentala a pa Mitundu ndi pa Nathenje. Mtengo wazaka 30 kapena 40 ndi chuma chimene banja lasunga osadziwa. Sindilera ali ndi thabwa lofiirira limene amisiri amalikonda popanga mipando ndi makabati. Malaina ndi opepuka, osavuta kupala, ndipo amapita ku zitseko, mabenchi ndi mabokosi a maliro. Bulugamu ndi wolimba, koma akachekedwa wamuwisi n'kuyanikidwa padzuwa amang'aluka ndi kupindika, choncho matabwa ake asanjidwe pamthunzi, pakati pake pali timitengo topitsa mphepo. Nthambi ndi nsonga zimagulitsidwa pamendulo, mulu wa mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu womwe. Malangizo anga ndi akuti nkhanizi muzilekanitse. Poyamba itanani kalipentala amene sali pagulu la odulawo, ayeze thunthu, aligogode ndi kumbuyo kwa nkhwangwa kuti amve ngati lili ndi mphako, akuuzeni matabwa amene angatuluke ndi ndalama yake pamsika lero. Kenaka funsani odula kuti kugwetsa kokha ndi zingati. Manambala awiriwa mukawaika pamodzi mudzadziwa ngati kusinthanako kukukomerani, kapena ngati ndi bwino kulipira ndalama, matabwa n'kukhala anu, kapenanso kugawana. Pogawana, tchulani kuti matabwa a patsinde, amene ndi otambalala, agawidwa bwanji. Ukaiwala zimenezi umatsala ndi a kunsonga okhaokha. Inunso nenani zoona: mitengo ya pakhomo imakhala ndi misomali ndi mawaya oyanikapo zovala amene khungwa linameza kalekale, ndipo msomali umodzi umawononga tcheni. Kumene kusinthana kumakomeradi mwini nyumba ndi pa mtengo wamphako, wovuta kugwetsa, wongoyenera nkhuni.

Ndi nyengo iti imene malipiro a ntchitoyi amatsika?

Aganyu amachuluka mu Januwale ndi Febuluwale, chakudya chikachepa m'nyumba, ndipo amavomera chilichonse. Koma imeneyo ndi nyengo yoipa pa ntchitoyi: makungwa amaterera, dothi ndi lofewa, mbewu zili m'munda, ndipo mphepo ya mvula imabwera mosachenjeza. Kupezerapo mwayi pa njala ya mnzanu kuti akwere mtengo wonyowa si chinthu chabwino. Nthawi yoyenera ndi pambuyo pokolola, kuyambira Meyi mpaka mvula isanayambe. Matabwa amauma bwino, ngolo imafika paliponse, ndipo ootcha njerwa amakhala akusaka nkhuni. Ntchito iyambe m'mamawa mphepo isanadzuke, makamaka miyezi ya mwera ndi ya akamvuluvulu. Osadikira Novembala. Chaka ndi chaka nthambi ya boma ya DoDMA imalengeza za nyumba zosasuka ndi mphepo ya mvula yoyamba, ndipo aliyense akathamangira odula nthawi imodzi, iwo amakweza.

Bwanji ndingousenda khungwa kapena kusonkha moto patsinde kuti ugwe wokha?

Kumunda anthu akhala akuchita zimenezi, koma pakhomo n'kuika msampha pamene ana amasewera. Mtengo wouma chiimire umagwetsa nthambi nthawi iliyonse, usiku kapena usana, ndipo tsiku logwa wonse susankha kogwera. Ndalamanso simupulumutsa. Wokwera wanzeru amakana mtengo wouma, chifukwa nthambi yake imathyoka osayamba yalira, ndipo wovomera amatchaja zambiri. Thabwa nalo limakhala litang'aluka ndi kufumbwa.

Kadzidzi amalira mumtengowu usiku uliwonse. Kodi chimenecho si chifukwa chokwanira?

Mantha amenewa ndi enieni ndipo sindikuwapeputsa, koma kadzidzi amatsata makoswe a kunkhokwe, ndipo mukagwetsa mtengo adzatera padenga. Zizindikiro zoti mtengo uchoke zimaoneka pamtengo pomwepo: wayamba kupendekera pamene kale unali chilili, dothi latukuka mbali imodzi ya tsinde, patsinde pamera bowa, pamphanda pali mng'alu, nsonga yauma, kapena mizu yang'amba khoma. Popanda zimenezi, kusadza nthambi zimene zili pamwamba pa denga kumakwanira, ndipo malipiro ake ndi ochepa. Mango amene amadyetsa ana mu Disembala, kapena msangu umene umathothola masamba nthawi ya mvula n'kunenepetsa munda, si mitengo yogwetsa chifukwa cha nthambi imodzi.

Wodziwa ntchito ndingamudziwe bwanji?

Kukhala ndi chainsaw si umboni. Wodziwa amafika n'kuuzungulira mtengo, kuyang'ana kumwamba nthawi yaitali, n'kukuuzani kumene ugwere ndi chifukwa chake. Amayamba wasema kamwa mbali yogwerayo, lolowa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a thunthu, kenaka amadula kumbuyo chapamwamba pang'ono, n'kusiya kachigawo kosadula pakati kamene kamawongolera mtengo pogwa. Amene amangozungulira thunthu ndi nkhwangwa mbali zonse sadziwa kumene mtengo upite. Wodziwa amalambula njira yothawira chammbali cha kumbuyo, amachotsa ana, ziweto ndi oonerera mpaka mtunda wowirikiza kawiri kutalika kwa mtengo, ndipo zingwe zake si zoduka n'kulumikiza. Mufunseni kumene anagwetsako mtengo pafupi ndi nyumba, mupite mukafunse eni ake. Ndipo mowa ubwere ntchito itatha. Wofuna kuyamba walawa kachasu kuti achotse mantha abwerere kwawo.

Nthambi zili pafupi ndi mawaya a magetsi. Titani?

Musakhudze, ndipo musalole wina kukwera. Mtengo wauwisi umayendetsa magetsi, ndipo pa mawaya amphamvu a 11kV ndi 33kV amene amadutsa m'midzi ndi m'misika, moto umatha kulumpha nthambi isanagunde waya. Kauzeni a ESCOM, chifukwa ndi okhawo angazimitse magetsi kapena kutsitsa waya ntchito isanayambe. Kudikira kumatopetsa, koma kugwetsera mtengo pa mawaya kungaphe munthu, kuika midzi mumdima, ndi kukusiyirani mlandu wowononga katundu wa bungweli.

Mtengo ndi wanga, pakhomo ndi panga. Chilolezo n'chachiyani?

Lamulo la za nkhalango la 1997 limavomereza kuti munthu amene wasamalira mtengo pamalo amene ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito, kaya wodzala kaya womera wokha, mtengowo ndi wake. Choncho bulugamu kapena malaina amene munadzala palibe angakulandeni. Koma pali mitengo yachilengedwe yotetezedwa, monga mbawa, mlombwa, msambamfumu, naphini ndi mkalati, imene kuidula kumafuna chilolezo cha a zankhalango ngakhale ili pakhomo. Ya m'mphepete mwa mtsinje, ngati imene yagwira magombe a Diamphwe, ya m'nkhalango ya mudzi ndi ya kumanda ili ndi malamulo akenso. Ya kumanda ndiye mwini wake ndi mfumu, ndipo aliyense wokulira kuno amadziwa kuti kumeneko sulowa ndi nkhwangwa mwa iwe wekha. Lamuloli linakonzedwanso mu 2020, zilango zinakhwima, ndipo kuotcha makala popanda chiphaso ndi mlandu ngakhale mtengo ukhale wanu. Vuto lina limadza ponyamula. Wapolisi kapena wa zankhalango pamsewu wa M1 kapena wa ku Bunda sangadziwe kuti matabwa ali pagalimotowo achokera pakhomo panu kapena ku Dzalanyama, ndiye pamafunika chikalata chonyamulira. Safunsa anadya phula: yambani kwa amfumu ndi komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi, kenaka kwa alangizi a zankhalango a dera lanu, ndipo ndalama iliyonse imene mwalipira ku boma ikhale ndi lisiti. Ulendo umenewu muuwerengere pa ndalama za ntchito yonse.

Nanga ngati anadzala ndi bambo amene anali pachikamwini, kapena mtengo uli m'malire?

Funso ili ndi lovuta kuposa la boma. M'midzi yambiri ya kwa Chiseka, kwa Chadza, kwa Kalumbu ndi kwa Mazengera malo amayendera kuchikazi. Mkamwini amadzala mitengo pamalo a akazi ake. Banja likatha kapena iye akamwalira, abale ake amati mitengoyo ndi thukuta la m'bale wawo, pamene eni mbumba amati chomera panthaka yawo ndi cha ana a pamudzipo. Mtengo ukadali chiimire nkhaniyi imagona, koma matabwa akangooneka imadzuka. Musanaitane odula, khalani pansi ndi mayi, amalume ndi ana ena onse, ndi amene ali kutauni kapena ku Joni omwe, mugwirizane za kugwetsa ndi za kagawidwe ka phindu. Mtengo wa m'malire ndi chimodzimodzi, ndipo nthawi zambiri mtengowo ndiwo malire enieniwo. Mukauzula ndi chitsa chomwe mwafafaniza umboni. Amfumu ndi oyandikana nawo akhalepo, ndipo pamalopo pakhomedwe chizindikiro china tsiku lomwelo.

Mtengo ukagwera nyumba ya mnzanga, kapena wodula akavulala, alipira ndani?

Pabwalo la amfumu woyamba kufunsidwa ndi amene anaitana odulawo, ndiye inuyo. Wodula angakhale wolakwa, koma kawirikawiri alibe cholipira, ndipo ngati ndi wochokera kutali mwina simudzamuonanso. Malata, mitanda ndi mmisiri wokonza denga la mnzanu zingapose kutali ndalama imene munapulumutsa posankha wotchaja pang'ono. Munthu akagwa mumtengo kapena tcheni ikamudumphira, galimoto yopita ku chipatala cha Mitundu kapena cha Nathenje, ndi kupitirira ku Kamuzu Central ngati fupa lathyoka, idzafunidwa kwa inu, ndipo umunthu sulola kukana. N'chifukwa chake mgwirizano uchitike pamaso pa mboni ziwiri, ulembedwe ngakhale papepala la m'kope: ntchito zimene achite, ndalama yonse, mwini matabwa ndi nkhuni, ndi amene adzakonze chikawonongeka chinthu. Oyandikana nawo auzidwe tsiku, atulutse ana, ziweto ndi katundu. Perekani kachigawo koyambira, kokwana mafuta ndi chakudya, yotsalayo mudzamalize zipika zitaunjikidwa pamene munagwirizana. Wovulala amene wagwa kuchokera pamwamba asakwezedwe pa kabaza atakhala tsonga; agonekedwe pachitseko kapena pathabwa, khosi ndi msana zisapindike, mpaka afike m'manja mwa achipatala.